Khoma Likudikira Chala cha Bambo

Achemwali anga okondedwa,

...ndiye ndikukankha chitseko chonchi, thukuta lili kamukamu, kuponya maso kumene kumakhala khoma langa la njerwa, khoma kulibe! Ndikunena zoona Achemwali, ndinabwerera chafutambuyo n'kukayang'ananso chitseko, kuti mwina ndalowa nyumba ya eni.

Koma taonani mwano wanga, ndayamba nkhani moni ndisanapereke. Yandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba, n'chifukwa chake yatuluka yokha. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, anayamba kuthamanga m'mawa monga analonjezera muja, kapena mimba ikutsogolabe iwo n'kumabwera pambuyo? Ana akukula? Nanga Bambo, bondo lija likuwalola kuyenda? Ife kuno tili bwino. Ine ndiye ndikukongolerakongolera, moti anthu mumsewu akumapatuka kuti ndidutse.

Munandifunsa pafoni kuti kodi Bambo tawatani, kuti afike kwanu mwadzidzidzi ndi kachikwama kokha, pakamwa pali tseke. Ine ndinati netiweki ikuvuta. Netiweki inalibe mlandu, lomwe linkavuta ndi lilime langa. Ndiye khalani pansi, muuze ana achepetse phokoso, ndikuuzeni kuyambira kumutu.

Nyumba yathu yatsopanoyi inu simunaione. Ndi chipinda cham'mwamba cha fakitale yakale ya nsapato, imene inatsekedwa ife tikuvalabe makabudula obooka. Pansi pali kalipentala ndi mkulu wina womata matayala, pamwamba pali ife mabwana. Ndi chiholo chimodzi chopanda malire, moti ukaitana munthu ali kukhitchini mawu amakafika mawa lake. Denga lili kutali, mbalame ikafuna kukatera pamtanda imayamba yapumula panjira. Mazenera ndi aatali kuposa alamu atanyamula ana onse paphewa.

Mlamu wanu, amene ine ndimamutcha Injiniya ngakhale ntchito yake ndi yaunamwino, ndiye anabwera ndi nzeruyi. Anati kuli sitayilo ina amati lofiti, yoti anthu olemera amagona m'mafakitale akale osabisa kanthu. Njerwa poyera, mapaipi poyera, zitsulo za denga poyera, mababu akulendewera opanda chipewa. Nditaona zithunzizo pafoni yake ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinamuuza kuti ndiye kuti theka la dziko likugona m'lofiti osadziwa, kungoti palibe anawauza kuti ndi olemera.

Koma Injiniya akanena wanena. Ndipo ine, poti kuwotcherera zitsulo ndi ntchito imene ndinabadwa nayo m'manja, ndinati apa ndiye dziko lindidziwa.

Achemwali, mukanaona! Tebulo lodyera ndinalipanga ndi mapaipi a madzi ndi matabwa akale amene kalipentala ankafuna kusonkhera moto. Tebulo limenelo njovu ikhoza kuvinapo. Mashelefu a m'khitchini ndi mapaipi okhaokha, opakidwa penti yakuda bii. Katebulo kapakati ndi chiwilo chamatabwa chija a magetsi amakulungirapo mawaya, ndinachipala mpaka ntchentche ikaterapo imaterereka. Chitseko cha kubafa sichitsekuka ngati cha anthu wamba ayi, chimayenda panjanji ngati sitima. Pansi ndi simenti yokhayokha, koma tinaipukuta moti ukhoza kumeta ndevu ukuyang'anapo.

Koma mtima wa nyumba yonse linali khoma lalikulu loyang'anizana ndi khomo. Tinalipeza lili ndi pulasitala wakale, wachikasu, wong'aluka ngati chidendene cha mlimi. Injiniya anati yense achoke, njerwa zioneke. Tinagwira hamala ndi tchizulo, ine ndi iye, tikaweruka kuntchito ndi masiku opuma omwe. Go, go, go! Fumbi m'mphuno, fumbi m'makutu, fumbi mu tiyi. Tinkatuluka mitu ili mbuu ngati nkhalamba zothawa kuchigayo. Matuza amene ndinatuluka m'manja, mukanawaboola onse mukanachapira zovala za ana anu. Titamaliza tinakwecha njerwa iliyonse ndi burashi ya waya n'kupaka vanishi. Zinatuluka zofiira psuu, dzuwa likalowa pazenera khoma lonse limachita ngati layaka.

Tsono inu mukudziwa kuti chiwasiyireni Mayi, Bambo akhala okha m'nyumba muja ngati kadzidzi, ndipo tinagwirizana kuti adzakhale ndi ife. Pakona ina tinawadulira chipinda chawo ndi matabwa ndi magalasi. M'masitepe ndinawotcherera chogwirira cholimba, chifukwa cha bondo lija. Iwo anati abwera kudzaona kaye, ngati munthu wofuna kugula mbuzi.

Atakwera masitepe anaima pakhomo, chipewa chili m'manja. Anayang'ana mababu. Anayang'ana mapaipi. Anayang'ana denga lopanda siling'i. Atafika pakhoma lija maso anaima pomwepo. Kenako anandifunsa motsitsa mawu, kuti mlamu wanu asamve, ngati amisiri anatithawa ntchito ili pakati.

Ine ndiye ndinatsegula wailesi yanga ya pakamwa yonse. Ndinati Bambo, iyi ndi sitayilo, nyumbayi yatha, ngakhale nduna ikhoza kugona muno n'kukana kudzuka. Ndinati njerwa zimenezi anthu amakwera ndege kukaziona. Ndinati mababu opanda chipewa ndi okwera mtengo kuposa ovala chipewa.

Apa ndiye panali vuto, Achemwali. Bambo amandidziwa. Amadziwa kuti kuyambira ndili mwana, ndikamalankhula kwambiri ndiye kuti ndikubisa kanthu. Mukukumbuka chaka chija ndinati aphunzitsi sanandipatse zotsatira za mayeso chifukwa ankaopa kuti ana ena akomoka ndi nsanje? Ndiye nthawi iyi yokha imene ndinkanena zoona zenizeni, iwo ankangogwedeza mutu n'kumati chabwino mwana wanga, chabwino. Paja amati wamisala anaona nkhondo. Ine ndinaiona, koma ndani akanandikhulupirira?

Ndinamva pambuyo pake kuti anamuitana Injiniya pambali n'kumuuza kuti asachite manyazi, banja limayamba chonchi, iwonso ndi Mayi anayamba ndi mphasa imodzi ndi mphika wobooka. Mlamu wanu, mwaulemu wake uja, anangoti zikomo Bambo. Kwa kalipentala wa pansi uja Bambo anakanena kuti mwana wawo ndi wolimbikira koma pakamwa ndi pamene amafunditsira umphawi, ndipo iwo sangagone m'nyumba ya mwana wawo njerwa zili pamtunda ngati nthiti za galu, pamene moyo wawo wonse akhala akuveka pulasitala makoma a anthu ena.

Ife zonsezi osadziwa. Chakudza sichiimba ng'oma.

Tsiku la ngoziyo Injiniya anapita kuchipatala m'mawa, ine kushopu yanga. Titangotuluka chonchi, Bambo anatsika kwa kalipentala, anapezetsa simenti ndi mchenga, n'kuyamba kukweza ndi ndowa. Masitepe onse aja, bondo limenelija! Kalipentala akuti anawaletsa, koma inu munayamba mwawaletsapo Bambo chinthu n'kutheka? Anafunditsa sofa ndi nsalu, anayala mapepala pansi, anakokera tebulo langa lanjovu lija kukhoma, anakwerapo. Kachikwama kaja ife tinkayesa muli zovala, muli mpeni wawo wa pulasitala ndi kathabwa kosalazira.

Tabwerera tsono pamene ndinayambira paja. Ndikulowa, theka la khoma lili lotuwa, losalala ngati dzira, kuyambira pansi mpaka pamene mkono wawo unafika. Pamwamba pa tebulo pali Bambo, atavala ovolosi yawo yakale ija, simenti mpaka m'nsidze.

Ndipo ankaimba, Achemwali. Kanyimbo kopanda mutu kaja ankaimba akamagwira ntchito, Mayi n'kumawaseka kuti akuthamangitsa nkhuku za eni. Chichitikireni maliro ine ndinali ndisanakamvenso. Atandiona anatembenuka nkhope ili ngwee, n'kunena kuti ndisadandaule, pofika mawa madzulo nyumba ya mwana wawo ikhala ngati ya anthu.

Nthawi yomweyo Injiniya analowa kumbuyo kwanga. Chikwama chinagwa chokha m'manja. Anakhala pansi pomwepo pakhomo, kukamwa kuli yasa.

Munthu wanzeru akanayamba wameza malovu. Koma mlongo wanuyu mawu amatuluka mutu usanadzuke. Ndinafunsa Bambo kuti atani. Ndinati zimene ife tachotsa ndi matuza, iwo abwezeretsa tsiku limodzi. Ndinatambasula manja kuwaonetsa zipsera. Ndipo ndinawonjezera mawu awa: ndinawafunsa kuti anawatuma ndani.

Kanyimbo kanathera pomwepo. Bambo anayang'ana khoma, anayang'ana mlamu wanu ali pansi paja, ndipo ndinaona kuti tsopano akhulupirira kuti zija ndinkanena zinali zoona. Anatsika patebulo pang'onopang'ono, anakana dzanja langa. Anatsuka zida zawo bwinobwino monga amachitira, n'kuziika pazenera kuti ziume. Anangoti pepani ana anga, ndimayesa ndikuthandiza. Chakudya anadya pang'ono. Kutacha tinapeza bedi loyalidwa bwino, iwo atapita. Zida anazisiya pazenera pomwepo.

Zotsalazo mukuzidziwa inu, chifukwa ndinu munawatsegulira chitseko.

Tsiku lomwelo ndinatenga hamala ndi tchizulo. Ndinati simentiyi isanalimbe kwenikweni ndiichotse, mkazi wanga apezenso njerwa zake. Ndikukweza hamala chonchi, Injiniya anaima pakati pa ine ndi khoma, manja m'chiuno. Anati ndikangogogoda kamodzi kokha, ndikagone pansi kwa womata matayala.

Ndinati kodi si iwe unakhala pansi dzulo ngati wamva uthenga wa maliro? Anati inde anakhala pansi, koma wadzuka. Anasisita khomalo ndi dzanja, kuchokera ku njerwa kupita ku pulasitala, n'kundiuza kuti ndiikepo tsaya. Ndinaikapo. Achemwali, tsaya langa ndi losalala, anthu amachita kulinena, koma linachita manyazi.

Anati ife takhala tikutola zinthu zakale m'mabwinja a anthu osawadziwa, chiwilo cha eni, mapaipi a eni, n'kumanyadira kuti zili ndi mbiri, lero tapeza chinthu cha munthu wathu ndiye tichigumule? Anati iye bambo ake anamwalira ali wamng'ono, palibe mwamuna wamkulu anayamba wanyamulapo ndowa ya mchenga chifukwa choti iye asachite manyazi. Atanena zimenezo anandilanda hamala n'kukaibisa, mpaka lero sindinaipeze.

Kenako anandifunsa chifukwa chimene ndinkagwadira pansi n'kumafufuza pakona.

Inu mukudziwa chimene ndinkafuna. Mukukumbuka Bambo akatitenga kukayenda, ankatiimitsa pa nyumba za eni, n'kutiweramitsa pakona yapansi ya kumanja kuti tione kadzenje kakang'ono? Khoma lililonse limene amaliza, amadinda chala chachikulu simenti ikadali yofewa. Ankati ophunzira amasaina ndi cholembera, iwo amasaina ndi thupi. Inu munkachita manyazi, ine ndinkauza aliyense wodutsa kuti nyumbayi ndi ya bambo anga.

Pakhoma lathu chala palibe. Sanafike pakona. Pulasitala anathera pakati, mzere wake ukutsetsereka ngati phiri, pamene ine ndinatsegulira pakamwa.

Muwauze Bambo kuti khoma tikulithira madzi m'mawa uliwonse, chifukwa ndikudziwa kuti ngakhale akwiye bwanji, mumtima akudandaula kuti ling'aluka. Silinang'aluke ngakhale ngati tsitsi. Injiniya amaliwaza madzi asanapite kuntchito ngati akumwetsa wodwala. Zida zawo wazipachika pa paipi pambali pake, ndipo akuti zikuoneka bwino kuposa chithunzi cha ukwati wathu, chimene ine ndikuti ndi chipongwe chifukwa pachithunzipo pali ine.

Ndipo tamverani izi. Sabata yatha kunabwera bwana wina wojambula nyumba zokongola, kamera ili pakhosi yaikulu ngati mwana wa mbuzi. Anamva mbiri ya lofiti yathu. Tebulo langa analidutsa, chitseko cha panjanji anachidutsa, anakaima pakhoma la Bambo n'kuvula magalasi. Anati wayenda maiko ambiri koma sanaonepo njerwa ndi pulasitala zitakwatirana chonchi. Anafunsa kuti katswiri ameneyu ali kuti, akufuna amugwire dzanja. Ndinati katswiriyo ali kutchuthi kwa mwana wake wamkazi, ndipo sakumana ndi anthu wamba popanda kupangana tsiku.

Tsopano nkhani yaikulu ndi iyi, gwirani mpando. Tsiku lija chikwama cha Injiniya chinagwa pakhomo, munali timasokosi tiwiri tating'ono ngati makutu a mphaka. Mlamu wanu ndi woyembekezera. Tinapangana kuti madzulo amenewo tiwaikire Bambo timasokosito pambale pawo, tione ngati azindikire. M'malo mwake ndinawaikira mawu anga aja. Mpaka lero sakudziwa. Inunso mwadziwa pano, ndiye lirani pang'ono mumalize, kalata ikupitirira.

Mwana ameneyu ndikumudziwa kale, adzakhala wokongola ngati ine ndi wolamula ngati mayi ake. Koma Injiniya wanena kuti ngakhale lofiti ikome bwanji, khanda siligona pafupi ndi njerwa zosamata, zimazizira ndipo zimasunga fumbi. Pakona pamene padzakhale kabedi kake pakufunika pulasitala wosalala. Ine ndinati ndikhoza kumata ndekha, pajatu ndine mwana wa katswiri. Ndinayeserera kuseri kwa bafa. Simenti imene inakhala pakhoma ndi yochepa kuposa imene inakhala pamutu panga. Kalipentala atabwera kudzaona anafunsa ngati panamenyanirana agalu.

Ndiye Achemwali, ndagwira mwendo wanu. Inu Bambo amakumverani, chifukwa mumalankhula pang'ono ngati Mayi. Muwakhazike pansi atamwa tiyi, muwawerengere kalatayi. Muwauze kuti Wailesi, mlongo wanuyu, wazima, akupepesa. Funso lija ndinawafunsa, loti anawatuma ndani, yankho ndalipeza: sanatumidwe, ndipo n'chifukwa chake ndikuchita manyazi. Ndikanatha kuwaimbira foni, koma inu mukudziwa kuti ndikangomva mawu awo ndiyamba nthabwala, nthabwalayo n'kuwononganso zinthu. Pepala lokha ndi limene limandigwira malaya.

Muwauze kuti chipinda chawo chili momwe anachisiyira, palibe wagonamo. Chogwirira cha m'masitepe ndachiwonjezera mbali inayo, tsopano akhoza kukwera atagwira uku ndi uku ngati mfumu ikutsika ndege. Ndowa sadzanyamulanso, wonyamula ndine, wosakaniza simenti ndine, wotukwanidwa kuti madzi achuluka ndine.

Koma muwauzenso malamulo a Injiniya, kuti pasadzakhale nkhondo yachiwiri. Pakona pa mwana amate mmene akufunira. Chipinda chawo amate mpaka kudenga ngati akufuna, aikemo ndi maluwa omwe. Khoma lalikulu lija likhale momwe lilili, theka njerwa theka iwo, angokonza mzere wa pakatipo ndi kutsikira pakona kuti pakhale podinda chala. Mapaipi asawakhudze. Mababu asawagulire zipewa, ndinawaona mmene ankawayang'anira mwachisoni. Akavomera zimenezi, ine ndilonjeza kukhala tsiku lathunthu osadzitama, ngakhale madokotala akuti zikhoza kundidwalitsa.

Ngati akana, musawakakamize. Mungowakumbutsa za timasokosi, kenako mukhale chete monga mumachitira muja. Mukaona ayamba kufunsa ngati mchenga wa kuno ndi wosefa kale, dziwani kuti mlandu tapambana, mundiimbire ndikawadikire pokwerera basi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti akabwera adzayese kukhala patebulo langa, likapirira iwo ndiye kuti za njovu zija ndi zoona. Ana onse muwapsompsone, muwauze kuti amalume awo olemera ali ndi nyumba imene angathe kupalasamo njinga mvula ikugwa. Inunso mubwere mudzaone, koma musabwere ndi makatani, Injiniya angakubwezeni pakhomo. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu ndi mawu abwino, ndipo afewetse mtima wa mdala wathuyo usanaume ngati simenti yake.

Ndine mlongo wanu wokongola kuposa onse,
uja mumati Wailesi

Ndatsala pang'ono kumata envelopu, Injiniya wawerenga ndipo wandigwira khutu kuti ndikonze chinthu chimodzi. Bwana wa kamera uja kulibe, ndamupanga ndekha. Amene anaima pakhoma n'kuvula magalasi ndi womata matayala wa pansi uja, ndipo anavula chifukwa munalowa fumbi. Koma anati ndi losalala ndithu, zimenezo ananenadi. Powawerengera Bambo, ndime ino muidumphe. Akabwera n'kudinda chala, ndidzawauza ndekha, manja awo ali m'simenti kuti asathe kundiponyera kanthu.